Agogo amene anandimenya padzanja ku Ikaria

Chibwerere ku Greece papita miyezi isanu. Uchi umene ndinagula kumeneko unatha kalekale, zithunzi ndinaonetsa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe, koma kambama kamene agogo ena anandipatsa padzanja kakukanabe kuchoka m'mutu mwanga. Sikanali kowawa ayi. Kanali kaja timam'patsa mwana akamatola nyama mumphika anthu asanapakule. Kungoti ine ndili ndi zaka 44, ndipo ndinkaona ngati ndikuchita zabwino.

## Ndinkangofuna kwa zii

Amene mumagwira keya, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, kuno ku UK simufunika kufotokozeredwa zambiri. Shifiti ya maola 12, belu lalira chipinda ichi, usanafike lalira china. Ine ndinafika pomadzidzimuka pakati pa usiku kunyumba kwanga nditamva belu loti kulibe. Tchuthi chitakwana, ndalama yopitira kumudzi inali isanakwane, pajatu tikiti ndi nkhani yaing'ono, nkhani yaikulu ndi masutikesi ndi timaenvelopu. Ndiye mnzanga wina wa kuntchito, namwino wa Chigiriki, atati tiye kwa agogo anga, sindinadikire kuti abwereze.

Greece imene ndinkaidziwa inali ya pa Instagram, ya tinyumba toyera mbee ndi timadenga ta buluu. Mnzangayo anaseka. Anati kwawo zimenezo kulibe. Kwawo ndi ku Ikaria, chilumba cha mapiri ndi mbuzi chakum'mawa, moyandikana ndi chilumba cha Samos, kufupi ndi Turkey, ndipo anthu ake sakwana n'komwe 9,000. Ndinalipira mayuro 90 a viza, n'kusonkhanitsa mapepala ngati ndikukapempha ufumu, ndipo kumayambiriro kwa Seputembala tinali padoko la Piraeus, pafupi ndi Athens.

## Sitima itapepuka

Sitima inanyamuka masana itadzaza thothotho. Inaima pachilumba cha Syros, kenaka pa cha Mykonos, ndipo apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwake. Onse a malaya oyera, magalasi akuda ndi masutikesi a mateyala anakhuthukira pamenepo. Tinatsala ndi ana a sukulu onyamula matenti, azibambo okhala ndi makatoni omanga ndi zingwe, ndi mayi wina amene anali ndi mphaka m'kadengu. Inasanduka basi ya kumudzi.

Kuchokera pamenepo nyanja inalusa. Nyengo yotentha kumeneko kumaomba mphepo ya kumpoto yotchedwa meltemi, ndipo chigawo chimenechi cha nyanja chimadziwika ndi mafunde kuyambira makedzana. Ndi momwemu mmene nthano ya Agiriki imati munagwera Icarus, mnyamata uja anauluka ndi mapiko omata ndi phula n'kuyandikira dzuwa mopitirira. Mnzanga ankandifotokozera nthanoyi ine nditakumbatira kapepala kosanziramo, choncho sindinganene kuti ndinaimva bwino.

Tinafika padoko la Evdilos ku Ikaria usiku, patatha maola pafupifupi 7. Amalume ake amene anati adzatichingamira kunalibe. Anatulukira patapita ola ndi theka, akuseka, osapepesa, osafotokoza, n'kutifunsa ngati tadya. Ife amene timanyozedwa ndi nthawi ya Chimalawi tilibe mlandu, abale. Tikanangowatumiza onyozawo ku Ikaria.

## Bonongwe wa kutsidya

Kwawo kwa mnzangayu ndi kamudzi ka m'mapiri m'dera la Raches. Mudzi waukulu kumeneko ndi Christos, ndipo umatchuka ndi chinthu chimodzi: masana umagona. Pitani cha m'ma 4 koloko, mupeza zitseko zotseka ndi amphaka atagona pamipando. Bwererani 11 koloko usiku, magolosale atsegula, ana akuthamangitsana pabwalo, nkhalamba zikumwa khofi. Ena amati chizolowezichi chinayamba poopa achifwamba a panyanja. Amalume anati ndi nkhani ya kumunda basi, munthu amayamba wathana ndi mbuzi ndi mpesa, zogula n'zausiku. Ine ndinakhulupirira amalumewo.

Agogo aja, amene aliyense amangowaitana kuti yiayia, ndi kamunthu kakafupi, ka diresi lakuda laumasiye ndi nsapato zothamangira zimene mdzukulu wina anazisiya. Tsiku loyamba anatiikira mbale ya masamba patebulo. Ndinayang'anitsitsa, ndinanunkhiza, ndinalawa. Bonongwe! Iwo amati vlita. Alibe tomato, alibe nsinjiro, angomuwiritsa n'kuthira mafuta a olivi ndi mandimu, koma ndi bonongwe yemweyu timathyola kuseri kwa khola. Mawa lake kunabwera khobwe. Ndinauza mnzanga kuti awauze agogo kuti ndiwo akuzidziwa, chimene chikuwasowa ndi nsima. Atamva kuti nsima n'chiyani anapukusa mutu n'kundikankhira buledi.

Zakudya zimenezi ndi zimene zimabweretsa atolankhani pachilumbachi. Ikaria ili m'gulu la madera amene anawatcha Blue Zones, kumene amati anthu amakhalitsa ndi moyo kuposa kwina. Agogo anati kwafikapo anthu a makamera kudzafunsa chimene amadya, ndipo anawayankha kuti amadya chimene chilipo. Ine nkhani ya zaka ndimaimva ndi khutu limodzi. Mu 2024 wofufuza wina, Saul Newman, analandira mphoto ya Ig Nobel, ya kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo, chifukwa choonetsa kuti m'madera ambiri otchuka ndi nkhalamba za zaka 100, mapepala a kubadwa ndi osalongosoka. Sizinandidabwitse. Amayi anga amangodziwa kuti anabadwa chaka cha njala, 1949, ndipo tsiku limene lili pachiphaso chawo anawasankhira ndi kalaliki. Agogo a ku Ikaria mapepala amati ali ndi zaka 88, eni ake amati 90. Chimene ndinaona ndi maso n'chakuti m'mawa uliwonse amatsetsereka kukathirira nyemba, n'kukweranso okha.

## Nyumba zobisala

Amalume anatiyendetsa tsiku limodzi pagalimoto yawo yakutha. Anationetsa nyumba zakale zomangidwa pansi pa matanthwe, za chipinda chimodzi, zazifupi, zopanda chumuni, kuti wodutsa panyanja asaone utsi kapena khoma n'kudziwa kuti kuno kuli anthu. Kwa zaka zambirimbiri anthu a pachilumbachi, poopa achifwamba a panyanja, anathawa kugombe n'kukabisala kumapiri. Pafupi ndi mudzi wa Pigi pali ngakhale katchalitchi, Theoskepasti, kamene denga lake ndi chimwala chimodzi.

Anationetsanso mbendera ya buluu ya mtanda woyera pakati, yosiyana ndi ya Greece. Pa 17 Julaye 1912 anthu a ku Ikaria anathamangitsa asilikali a Turkey n'kukhala dziko paokha, ndi mbendera ndi masitampa awoawo, mpaka Novembala chaka chomwecho pamene analowa mu Greece. Amalume ankanena zimenezi chifuwa chili patsogolo ngati analipo.

Koma imene inandikhala ndi ya agogo. Nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya m'ma 1940, boma linkataya pachilumbachi anthu amene linkawaganizira chikomyunizimu, pafupifupi 13,000, kuposa eni mudzi. Woimba wotchuka Mikis Theodorakis anali mmodzi mwa iwo mu 1947. Ndende kunalibe, ankangowagawa m'midzi. Agogo anati kwawo kunafikira amuna awiri, ndipo mayi awo anangowonjezera madzi mumphika wa nyemba. Mmodzi anali mphunzitsi, ndiye amene anawaphunzitsa kuwerenga. Mpaka lero chipani cha chikomyunizimu chimapeza mavoti ambiri ku Ikaria, ndipo Agiriki ena amachitcha chilumbachi Thanthwe Lofiira.

## Beseni la mbatatesi

Tsiku lachisanu linali la panigiri. Ndi phwando la mudzi, la tsiku la woyera amene tchalitchi chawo chinatengera dzina. Ku Ikaria maphwandowa amayamba cha mu Meyi mpaka Okutobala, mudzi ndi mudzi. Akuluakulu ake, ngati la ku Christos pa 6 Ogasiti ndi la ku Langada pa 15 Ogasiti, kumakhala chinamtindi cha anthu ochokera ku Athens ndi kunja komwe. Lathuli linali laling'ono.

Ntchito inayamba m'mamawa. Azibambo anali pa mbuzi, ena akusenda, ena akusonkhezera moto pansi pa miphika ikuluikulu yoti mwana atha kusambiramo. Anyamata ankatuta mabenchi. Azimayi anakhala mozungulira kuseri kwa tchalitchi akusenda mbatatesi za tchipisi. Palibe amene amalipidwa. Aliyense amene anaphikako pa ukwati kapena pa maliro kwathu akanadziwa pokhala popanda womuuza. Koma ine anandikhazika pampando pamthunzi, khofi m'manja, poti ndine mlendo.

Kuchokera pamene ankasendera kukafika pamene panali ziwaya panali masitepe a miyala, mwina khumi ndi awiri, osalingana, opanda chogwirira, onyowa ndi madzi otayikira. Nditakweza maso ndinaona agogo anyamula beseni la mbatatesi, alitsamiritsa pachiuno, akulunjika masitepe aja.

Zimene zinachitika m'mutu mwanga anzanga a keya mukuzidziwa. Sindinaone agogo ayi. Ndinaona fupa la m'chiuno litathyoka, ambulansi, fomu yolemba mmene wagwera. Ndinaika khofi pansi, ndinathamanga, n'kugwira beseni lija ndi manja awiri, kwinaku ndikumwetulira kumwetulira kwathu kwa kuntchito kuja.

Phaa! Padzanja.

"Ohi!"

Liwu limenelo ndinali nditalidziwa kale, ndi ayi. Anayankhulanso zina mofulumira, akuloza ndi chibwano. Azimayi onse anafa nalo phwete. Mnzanga, akupukuta misozi, anamasulira: "Akuti ili ndi lawo. Ngati manja akukuyabwa, mpeni uwo, thumba ilo."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinakhala pakreti, ndinatenga mpeni, n'kuyamba kusenda nditazolika. Koma diso linali pa agogo, poti mtima wa keya sumva. Ndipo m'mene ndinkawayang'ana, ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndinayamba kuona zimene ndinaziphonya pothamanga paja.

Pa sitepe yachisanu pali mwala wafulati wotulukira pakhoma. Agogo akafika pamenepo amatula beseni, n'kupuma, n'kukalipira aliyense amene ali pafupi za mmene akudulira anyezi. Akatero amanyamulanso. Pamwamba panali mnyamata wa zaka ngati 15. Sankatsika kudzawalandira. Ankaima pa sitepe yomaliza ngati akuyang'ana zina, koma thupi lonse lili tcheru, ndipo ankatambasula manja pokhapokha agogo akamupatsa okha. Ndiye beseni lenilenilo: mayi amene ankaikamo mbatatesi ankalekeza pakati, n'kulikankhira kwa agogo ngati ladzaza. Mabeseni a ena onse ankadzaza mpaka kusefukira. Palibe amene ankanenapo kanthu.

Mnzanga anadzakhala pambali panga n'kundinong'oneza. Anati agogowo anyamula mbatatesi pamasitepe amenewa chikwatiwire. Kale linali thumba lathunthu, kenaka beseni lalikulu, tsopano ndi kameneka. "Tonse timaopa kuti adzagwa," anatero. "Koma tsiku limene wina adzawalande beseni, mudzi wonse udzadziwa kuti yiayia watha. Iwonso adzadziwa."

Ndinasenda mbatatesi mpaka chala chinatuluka thuza.

## Usiku wake

Kutada anthu anadzaza mabenchi. Nyama ya mbuzi umagula pa kilo, amakukulungira papepala, n'kutenga buledi, tchipisi, saladi ndi vinyo wofiira wa m'mudzi momwemo, wamphamvu kuposa mmene akuonekera. Ndalama yonse imapita ku ntchito za mudzi, ndipo chaka chimenecho ankanena zokonza msewu. Kenaka vayolini inayamba. Gule wawo, ikariotikos, amavina atagwirana mapewa, mzere n'kumadzikulunga ngati nkhata mpaka pakati osaonekanso. Mwana wa zaka zisanu, mtsikana wa ndolo pamphuno, wansembe, nkhalamba, onse mumzere umodzi.

Cha m'ma 2 koloko agogo anandikoka ndi dzanja lomwe analimenya lija. Phewa lawo linkandifika m'khwapa. Mapazi anga ankasochera, iwo n'kumandiwongola ndi chiuno. Ndinakumbuka kuti nthawi ngati imeneyi kuntchito anthu anga amakhala atagona kuyambira 8 koloko, kamphasa koliza belu kali pansi pa bedi kuti akangoponda tidziwe.

Ndisakunamizeni kuti ku Ikaria ndi kumwamba. Chipatala chili ku Agios Kirykos, kuseri kwa phiri, ulendo wa misewu yokhotakhota yoposa ola, ndipo matenda akakula munthu amatumizidwa ku Samos kapena ku Athens. Nyengo yozizira achinyamata ambiri amachoka. Nyumba yoyandikana ndi ya agogo munali bambo wina wosadzuka pabedi, ndipo amene ankawasamalira anali mayi wa ku dziko la Georgia, wolipidwa, amene anasiya ana ake kwawo. Tinakumana pa mpopi tsiku lina. Chinenero chotigwirizanitsa panalibe, koma anayang'ana manja anga, ine ake, n'kugwedezerana mitu.

Ndinachoka pabwalo kukuyera, vayolini ikulirabe. Tulo sitinabwere. M'maso munali beseni lija, ndipo kuseri kwa beseni kunali khasu la amayi anga.

## Khasu

Zaka zitatu zapitazo amayi anatupa bondo atagwa pochokera kudimba. Ine ndili kuno ndinagamula mlandu pafoni: kuyambira lero amayi asagwirenso khasu. Ndinayamba kutumiza ndalama ya aganyu kwa achimwene, kusosa, kupalira, kubandira, zonse. Ndinawauzanso kuti khasulo alibise. Ndinkanyadira, ndipo ndinkauza anzanga kutchalitchi kuti mayi anga ndinawapumitsa. Amayi anangoti, "Zikomo mwana wanga."

Kuchokera nthawi imeneyo mafoni athu anafupika. Kale amayi ankatha theka la ola akundiuza za nandolo, za anankafumbwe, za mbuzi za eni ake zimene zalowa m'munda, ine n'kumayang'ana wotchi. Tsopano zinangokhala, "Tili bwino. Kwatentha. Ana ali bwanji?" Ndinkati ndi ukalamba. Ndinafika pofunsa mnzanga namwinoyu ngati sikuyamba kuiwala kumeneko.

M'mawa umenewo ndinakwera pakhoma la kuseri kwa nyumba, pokhapo pamene netiweki imagwira, n'kuimba pa WhatsApp ya mwana wa achimwene. Kumudzi inali isanakwane 7 koloko. Mwanayo anati agogo kulibe, adikire akawaitane. Panapita nthawi. Atabwera ankapuma mwawefuwefu.

"Amayi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Kwagwanji m'mawa muno?"

"Palibe. Ndimafuna ndikufunseni. Khasu lanu lija lili kuti?"

Kunangoti zii, moti ndinayang'ana foni ngati yaduka.

"Ukufunsa ine? Si iwe unauza achimwene ako kuti alibise?"

"Eya, ndine. Nanga panopa mumachokera kuti?"

Anaseka. Kuseka kumene ndinali ndisanakumve zaka zitatu.

"Iwe Nabanda, unkaganiza kuti m'mudzi muno khasu ndi limodzi?"

Zinatulukira pamenepo. Bondo litangopola, amayi anayamba kubwereka khasu kwa anzawo a kutsidya kwa msewu. Amalawira kusanache, n'kubwerako dzuwa lisanakwere, n'kulibweza. Achimwene ankadziwa, alamu ankadziwa, ana onse ankadziwa. Anapangana kuti wa ku UK asamve, angakhumudwe, mwinanso angasiye kutumiza. Aganyu ankalima munda waukulu, koma kachigawo ka kumunsi, ka pafupi ndi mtengo wa mango, amayi sanalole kuti wina apondemo. "Anyamata akowo amangokanda pamwamba ngati nkhuku," anatero. "Mizere yake mvula imodzi yafafaniza."

Ndinakhala pakhoma paja dzuwa likutuluka chakumbali ya Samos, mabelu a mbuzi akulira kumunsi. Zaka zitatu mayi anga akulowa m'munda mwawomwawo mozemba ngati wakuba, n'kumasamba m'manja asanagwire foni. Ulimi sanasiye tsiku ndi limodzi lomwe. Anangosiya kundiuza, ndipo atachotsapo za kumunda, nkhani yoti acheze nane inatsala ya kutentha basi.

"Amayi, pepani."

"Upepesa chiyani? Unkafuna zabwino. Kungoti unandiika m'manda ndikupuma."

Ndinati ndiwauza achimwene abweze khasu. Anati mpini wake unadyedwa ndi chiswe kudenga kumene analibisa, ndipo linali lolemera kale. Ngati ndikufuna kuthandiza nditumize ya kakhasu kopepuka, akasankha okha pa Lunzu tsiku la msika, osati kuwatumira munthu. Kenaka anayamba. Nandolo chaka chino wabereka koma mavenda akugula motchipa. Kusosa ayamba kale. Mbewu imene ndinatumizira ndalama chaka chatha sanaikonde, ufa wake suchedwa kutha, akufuna asakanize ndi yamakolo. Anayankhula mpaka bandulo ya mwana uja inatha.

Nditatsika ndinapeza agogo akukama mbuzi, maso ali gwa ngati sanavine usiku wonse. Ndinaima chapatali, manja kumbuyo. Anandiyang'ana, anayang'ana manjawo, n'kundilozera ndowa yachiwiri.

## Febuluwale

Kuntchito malamulo ndi omwe aja, mafomu ndi omwe aja, ndipo munthu akagwa amene amafunsidwa ndi ine. Pali mayi wina amene anagwira ntchito yochapa m'hotela moyo wake wonse. Masiku ano ndikamapinda matawulo ndimamubweretsera asanu kapena asanu ndi limodzi. Amatenga mphindi 20 pa ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo anga amawapasula n'kuwapindanso chifukwa akuti ngodya sizikukumana. Tsiku lina ndinafunsidwa chifukwa chimene ndinachedwera kumaliza mbali yanga.

Sabata yatha kunabwera chithunzi pa WhatsApp. Amayi aima pakati pa chimanga chomasula, chowapitirira kutalika, nkhope ili ndwii monga amachitira akaona kamera. Pansi pake panali uthenga wa mawu wa mphindi zinayi. Bondo layambanso kuwawa, nditumize mankhwala opaka aja. Feteleza wobereketsa anafika mochedwa. Ndipo mbuzi za eni ake zinalowanso, ulendo uno apita nazo kwa amfumu.